Alamu ya Abambo, Belu la Amayi

Alamu ya m'nyumba mwathu ku Kalongwezi anaika ndi abambo ndi manja awo, chaka chimene anapuma pa ntchito ya uphunzitsi. Akuba anali atatilowera masanasana, tonse tili ku tchalitchi, n'kunyamula makina osokera a amayi ndi wailesi. Abambo sanalankhule zambiri. Anali munthu wokulira pa mishoni, wa malaya oyera ndi nsapato zopolisha, ndipo ankakhulupirira kuti chilichonse chimene anapanga munthu, munthu mnzake angachiphunzire atakhala pansi. Anagula mawaya, timaginito ndi kabokosi kachitsulo, n'kuyamba kukwera ndi kutsika m'denga.

Ine nthawi imeneyo n'kuti nditangobwerera pakhomo, ukwati utandikanika. Kwathu tinabadwa awiri, ine woyamba ndi mlongo wanga amene anali kale pa ntchito ku Lusaka. Choncho wogwira makwerero ndinali ine. Abambo sankatha kugwira ntchito osaphunzitsa. Anandionetsa kuti pakhomo lililonse pali tizidutswa tiwiri, kena pa chitseko, kena pa felemu. Chitseko chikatsekedwa timagundana, chikatsegulidwa timasiyana, ndipo kusiyanako n'kumene kumauza kabokosi ka m'kolido kuti kalize sayirini imene anaipachika pansi pa malata, kumaso kwa nyumba. Ndikasokoneza mawaya ankandiyang'ana pamwamba pa magalasi ngati mwana wa sukulu. Ine ndine wa mtima wapachala, ndiye tinkakangana mpaka amayi kutiitana kuti tiyi wazizira.

Khomo lakumaso kwathu lili ndi zitseko ziwiri zokumana pakati. Chimodzi ndicho timalowera tsiku ndi tsiku. Chinacho chimakhala chotseka ndi timipiringidzo tachitsulo, pamwamba ndi pansi, ndipo chimatsegulidwa pokhapokha polowetsa kapena potulutsa chinthu chachikulu ngati kabati. Ndinawauza abambo kuti chimenecho tichisiye, n'kuwononga waya chabe. Iwo anati, "Wakuba sasankha khomo limene mwini nyumba amalikonda." Anachikokera waya wakewake, wosiyana ndi ena onse.

M'msewu mwathu munali pangano limene palibe analilemba. Sayirini ikalira panyumba ina iliyonse, aliyense ankatuluka ndi chimene chili pafupi, kaya chibonga, mpini kapena munsi. Masiku amenewo aneba athu anali aphunzitsi ndi makalaliki a m'maofesi, anthu odziwana mpaka mayina a agalu. Abambo anakana kumanga mpanda wa njerwa. Ankati nyumba si ndende, ndipo mpanda wabwino ndi aneba. Tinakhala ndi mpanda wa timitengo todulira, wa mipata imene nkhuku ndi ana ankadutsamo.

Abambo atamwalira, alamu nayo inayamba kufa pang'onopang'ono. Kuzimazima kwa magetsi kunatha batire, makoswe anadya mawaya m'denga. Kabokosi kaja kanalira ti, ti, kwa masabata angapo ngati mwanapiye wosochera, kenako kanakhala chete. Sindinasamale. Ndinali nditasiya ntchito ya m'ofesi n'kuyamba kuweta nkhuku zogulitsa kuseri kwa nyumba, ndiye pakhomo sipankasowa munthu.

Amayi kwawo ndi ku Chiparamba. Anabadwira m'banja la Chikatolika, alimi a chimanga, thonje ndi mtedza. Pokwatiwa anasiya kolona n'kutsatira mpingo wa amuna awo. Anaphunzira kuphika masikono ndi kuyala nsalu patebulo, ngakhale azilamu awo sanaiwale kuti mkaziyu anamutenga kumunda. Za kumudzi sankazikamba kawirikawiri. Atakalamba, zinthu zinayamba kuwathawa m'mutu. Anathira mchere mu tiyi. Anayamba kundiitana dzina la mkulu wawo amene anamwalira ine ndisanabadwe. Tsiku lina tisanadye ndinawaona akulemba chizindikiro cha mtanda pamphumi ndi pachifuwa, chinthu chimene sindinawaonepo akuchita moyo wanga wonse. Kuchipatala anatiuza kuti ndi matenda a ukalamba oiwalitsa, ndipo alibe mankhwala ochiza.

Kenako anayamba maulendo. Ankayala chitenje pabedi n'kuikapo chilichonse chimene dzanja lagwira, supuni, nsapato imodzi, nthawi zina wotchi ya pakhoma ya abambo. Akamanga phukusilo ankatenga kakhasu kanga ka m'maluwa n'kutuluka. Ukawafunsa ankati, "Mtedza wakhwima. Amama akundidikira kumunda." M'nyumba ankakoka miyendo, koma akaponda msewu ankayenda ngati mtsikana wotumidwa. Ulendo woyamba anawabweza ndi bambo wina wa njinga zonyamula anthu, amene anaphunzitsidwapo ndi abambo. Ulendo wachiwiri ndinawapeza ndekha mumsewu waukulu atalunjika ku Mwami, kosiyana ndi kwawo, malole akuwadutsa pafupi mpaka chitenje kuuluka.

Malolewo ndinkawaopa, koma chimene chinkandidula chiwindi chinali china. M'mawa wina, ndikupita kukasiya nkhuku ku msika wa Kapata, ndinapeza khamu la anthu pakhomo pa munthu wina. Pakati panali gogo wina atakhala pansi, thupi lonse fumbi, chitenje chitamasuka. Anthu ankati wagwa pa lichero, ndege yake ya ufiti yamuthera mafuta kukucha. Atamufunsa kwawo anatchula mudzi wakutali, ndipo khamu linakuwa kuti mwamva nokha, nanga wafika bwanji kuno? Ena ankajambula ndi mafoni, ena anali ndi miyala. Ndinakuwa kuti amusiye, koma mawu anga anangomira. Apolisi anabwera n'kumutenga akuchucha magazi, ndipo sindinamve ngati anachira. Gogo ameneyo ankayankha mafunso ndendende mmene amayi anga ankayankhira. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kuyambira tsiku limenelo ndinkachita mantha kuti amayi adzafera pakhomo pa mlendo, akutchedwa mfiti.

Ndinayesa kukiya zitseko, makiyi n'kuwamangirira pa chitenje changa. Amayi atapeza kuti khomo silikutseguka anayamba ndi ulemu, akugogoda m'nyumba yawo yomwe. "Odi! Odi kuno!" Kenako anamenya chitseko ndi zikhatho mpaka zala kutupa. Nditabwera kuchokera ku khola anandiyang'ana misozi ili mbwe. "Ndinaba chiyani ine kuti munditsekere?" Ndinatsegula, ndipo sindinakiyenso masana. Ena anandiuza kuti ndiwamangirire mwendo ku mpando ndi nsalu yofewa. Amene anandiuza zimenezo sindinawapatsenso moni kwa nthawi yaitali.

Koma nkhuku sizidikira. Zimafuna madzi, chakudya, kusesedwa m'khola, ndipo munthu sangakhale kuseri maso ali kumaso. Apa mpamene ndinakumbukira alamu ya abambo. Ndinaganiza kuti ikadzuka, izindiuza chitseko chikatseguka, ine n'kuthamanga amayi asanafike pamsewu. Mlongo wanga pa foni anati, "Asisi, musadzivute, itanani anthu odziwa za malaiti. Mudzagwa m'denga inu." Kulankhula n'kosavuta uli ku Lusaka. Ndinamuyankha kuti amene anagwira makwerero ndine, iye asandiphunzitse. Mutu ukakula sulewa nkhonya.

Munali mu Okutobala. Amene sanalowepo m'denga la malata mwezi umenewo asandiuze za kutentha. Ndinkadikira amayi agone tulo ta masana, n'kukwera ndi tochi ya pa foni, lumo ndi tepi yakuda, ndikukwawa pa mitanda kuopa kuboola siling'i. Munali fungo la makoswe ndi fumbi lolowa mpaka m'mano. Ndinatsatira waya uliwonse ndi zala kuchokera pa kabokosi mpaka pa khomo lake. Paliponse pamene abambo analumikiza, ndinapeza mawaya opotedwa bwinobwino, tepi yokulungidwa mosamala ngati bandeji ya namwino. Pena ndinaima n'kungogwirapo, thukuta ndi misozi zikutsikira pamodzi, chifukwa ndinawasowa kwambiri abambo tsiku limenelo. Pamene makoswe anadula ndinasenda ndi lumo n'kulumikiza, ndipo ndikuvomera kuti mfundo zanga sizinakongole ngati zawo.

Batire yakale ndinaipeza itafufuma ngati buledi. Ndinaikapo ya njinga yamoto imene ndinagula m'tauni. Kamaginito ka pa khomo la kukhitchini kanali katachita dzimbiri, ndinakasintha. Mu sayirini mavu anali atamangamo, ndipo anandiluma pakhosi ndisanawagonjetse. Nditamaliza ndinatsegula chitseko kuti ndiyese. Sayirini inalira mpaka agalu a msewu wonse kuyankha, ine n'kuizimitsa msanga, mtima uli mbee. Amayi anatulukira m'chipinda atatseka makutu ndi manja, akufunsa ngati kwabwera nkhondo.

Chimene sindinachiganizire ndi ichi. Ntchito ya alamu ndinaisintha m'mutu mwanga mokha. Kwa ine kulira kwake kunkatanthauza kuti amayi atuluka, koma kwa msewu wonse kunkatanthauzabe kuti kwalowa wakuba. Ndipo msewuwo sunalinso uja wa abambo. Aphunzitsi ndi makalaliki aja ena anali kumanda, ena anapita kumafamu kwawo. M'nyumba zawo munali alendi, anthu a malonda a pa boda ndi mabanja achinyamata obwera ndi kupita. Ambiri ankandidziwa ine ngati mayi wa nkhuku, koma amayi, amene ankakhala m'nyumba, sanawaonepo. Pangano lotuluka ndi zibonga ndilo linatsala, chifukwa akuba sanathe.

Linali Loweruka m'mawa. Ndinali kuseri ndikupha nkhuku za ukwati wa anthu ena, mpeni m'manja, madzi otentha ali pambali. Sayirini inalira. Ndinathamanga kuzungulira nyumba, koma pakhomo panalibe munthu, chitseko chili pululu. Phokoso lija linawaopsa amayi, ndipo m'malo moyenda pang'onopang'ono kupita ku geti monga ndinkayembekezera, anathawa n'kudutsa pa mpata wa mpanda kulowa kwa aneba. Ine ndinathamangira kumsewu waukulu. Ndili komweko ndinamva kumbuyo kwanga mfuu yoti kwapezeka wakuba. "Kawalala! Kawalala! Ali kuseri uku!"

Pamene ndinkafika, anthu anali atazungulira kale. Amayi anali atanjuta kuseri kwa mgolo wa madzi, phukusi litamasuka, wotchi ya abambo ili pansi pamodzi ndi kakhasu. Duku linali litagwa, imvi zili poyera. Ankalemba chizindikiro cha mtanda mobwerezabwereza, akunong'ona pemphero la ubwana wawo. Ndinamva mkazi wina akuti, "Uyu si kawalala iai. Onani vamene achita na manja. Ni mfiti iyi!" Mwala unali utaponyedwa kale. Pamwamba pa khutu la amayi magazi ankatsika kulowa m'khosi mwa diresi.

Sindikumbukira bwino mmene ndinadutsira pakati pa anthuwo. Akuti ndinakankha bambo wina mpaka anagwera pa waya woyanikapo zovala. Ndinaima patsogolo pa amayi, manja ali magazi a nkhuku, mpeni ndidakaugwira, ndipo anthu anabwerera m'mbuyo. Ndinakuwa mpaka mawu kusasa. "Awa ni amai anga! Ananibala ine! Nyumba iyo ni yawo, wochi iyi ni ya amuna awo! Wamene afuna kuponya wina mwala ayambe na ine!" Ndinanena zinanso zimene mwana wa mphunzitsi wa pa mishoni sayenera kuzidziwa. Sayirini inali ikulirabe kunyumba kwathu, ikuitana ena.

Anthu anayamba kuchoka mmodzimmodzi, zibonga atazibisa kumbuyo. Ndinataya mpeni n'kugwada. Amayi anandiyang'ana osandizindikira, n'kundigwira dzanja ndi manja awo onse awiri. "Mayi inu, ndithandizeni. Ine sindine wa kuno. Ndikupita kwathu."

Bala silinali lalikulu. Ndinalitsuka ndi madzi a mchere, ndipo pofika masana amayi anali ataiwala zonse, akundifunsa kuti wawabaya ndani ndi minga. Ine sindinaiwale. Ndinali ndi mkwiyo woti ndikanatha kutentha msewu wonse, komanso ndinkadziwa kuti amene anaitana anthuwo ndi sayirini yanga. Tsiku lomwelo ndinakwera makwerero, ndinaidula mawaya, n'kukaiponya m'dzenje la manyowa a nkhuku.

Lolemba ndinagula mabelu awiri a pakhomo, aja olira mofatsa kawiri, nge-nge. Limodzi ndinalipachika m'kolido, lina ndinalikokera waya mpaka ku khola la nkhuku. Mawaya a abambo ndi timaginito tawo ndinazisiya momwemo, ndinangosintha chimene zimaliza. Ndinaikanso kaswichi kozimitsira mabelu pakakhala alendo ambiri olowa ndi kutuluka. Waya wa chitseko chachiwiri chija, umene abambo anaukoka pawokha, sindinaudutsitse pa kaswichi. Ndinaulumikiza molunjika ku belu, poganiza kuti ngati tsiku lina amayi adzagonjetse timipiringidzo tija, ndidzamve zivute zitani. Pambuyo pake ndinaiwalako, chifukwa chitsekocho palibe ankachikhudza.

Lamulungu lotsatira masana ndinawaveka amayi zovala zawo za ku tchalitchi, bulauzi yoyera ndi duku latsopano, n'kuwagwira dzanja. Tinayenda khomo ndi khomo msewu wonse, mpaka kwa ogulitsa tomato pa mphambano ndi pamene amaima a njinga. Paliponse ndinkanena zomwezo. "Awa ni amai anga. Adwala matenda oiwala. Mukawaona ali okha, musawafunse mafunso, muwapatse mpando, munitumire munthu." Amayi ankaganiza kuti tikucheza, ndiye ankapereka moni mwaulemu, akuwomba m'manja ndi kufunsa za ana. Ena anachita manyazi mpaka kulephera kundiyang'ana. Mkazi wa nyumba ya mgolo ija analira, ndipo madzulo ake anabwera ndi shuga. Koma mayi wina anandimvetsera mpaka kumapeto n'kunena kuti, "Ni zoona, koma nanga kuseri kwa nyumba ya eni anali kufunako chiyani?" Poti amayi anali pambali panga, ndinangowagwira dzanja n'kupitirira pa khomo lina.

Chinatsala n'choti ndizichita chiyani belu likalira. Masiku oyamba ndinkathamanga n'kuwatsekereza pakhomo, iwo n'kumalimbana nane, tonse n'kuthera misozi. Nzeru inabwera yokha tsiku lina nditatopa. Belu linalira, ndinasamba m'manja, ndinamanga chitenje, n'kuwapeza akutsika pakhonde. Ndinati, "Amama, mupita osalaira? Imani, nikuperekezeni." Anaima. Kwathu mlendo sachoka yekha, umamuperekeza ndi kumunyamulira katundu, ndipo iye sakana. Amayi anaiwala dzina langa, anaiwala kuti anakwatiwapo, koma mwambo umenewo sanauiwale. Anandipatsa phukusi n'kunena kuti zikomo.

Kuyambira pamenepo inakhala ntchito yathu. Tinkatuluka pa geti, ine phukusi pamutu, iwo kakhasu m'manja, n'kuyenda mpaka pa mtengo wa mango umene uli pa mphambano. M'njiramo ankandiuza zinthu zimene sanandiuzepo ali bwino. Anandiuza mmene ankayanikira mtedza mizu itayang'ana kumwamba, mmene thonje linkawabayira zala, ndi za wansembe wina amene ankabwera pa njinga yamoto ana onse n'kumuthamangira. Ndinawadziwa amayi anga ali mtsikana pa kamtunda kameneko. Tikafika pa mango ndinkaima n'kuyang'ana kumwamba. Ndinkati dzuwa lakwera kwambiri, kapena kuti mvula ikubwera, kapena kuti basi ya ku Chiparamba yapita kale. "Tiyeni mukamwe tiyi kwathu, mupite mawa." Ankaganiza pang'ono n'kuvomera, ndipo ankalowa m'nyumba yawo ngati mlendo, akuyamikira mipando.

Ndisanamize anthu kuti zinali zokoma masiku onse. Tsiku lina belu linkalira kambirimbiri, ine manja ali m'chakudya cha nkhuku, msana ukuwawa. Ndinaphonya maukwati ndi maliro a anzanga. Makasitomala ena anandithawa chifukwa ndinkawasiya ataima n'kupita kukaperekeza munthu amene sakupita kulikonse. Nthawi zina ndinkalida belulo, ndipo kamodzi ndinawakalipira amayi kuti amama awowo anafa kalekale. Anakhala pansi pakhonde n'kulira maliro atsopano, ngati uthenga wangofika kumene. Sindinabwerezenso. Aneba nawo anayamba kuthandiza. Ndikachedwa, ndinkapeza ogulitsa tomato atawakhazika pa benchi, akuwafunsa za mtedza wa chaka chino.

Mlongo wanga atabwera pa tchuthi tinaganiza zowatengeradi ku Chiparamba pa galimoto, kuti mwina mtima ukhala pansi. Tinafika, abale anatilandira, tinawaonetsa munda ndi manda a makolo awo. Anakhala pamkeka mwaulemu tsiku lonse ngati ali kwa eni. Dzuwa litapendeka anamanga phukusi n'kundinong'oneza kuti tizipita, kwawo ku Chiparamba akuwadikira. Tinakwera galimoto n'kubwerera m'tauni.

Zinatero zaka zingapo. Kenako miyendo inayamba kukana. Maulendo anafupika, kufika pa geti, kenako pakhonde, kenako pa khomo la chipinda. Phukusi ankamangabe, n'kuliika pambali pa bedi. Belu linkangolira ndikatsegula ine kapena kasitomala. Ndinkaganiza kuti likadzaleka kundiitana ndidzapuma, koma ndinkapezeka nditaima m'khola, ndowa m'manja, ndikumvetsera. Batire ndinkaiyang'anabe mwezi ndi mwezi, ndi kupukuta timaginito.

Anamwalira m'mawa wina mvula itangotha, nyengo yokumba mtedza. Anafera pabedi pawo, m'nyumba yawo, ine nditawagwira dzanja. Ndinalira, koma pansi pa kulirako panali kuthokoza, chifukwa chimene ndinkachiopa zaka zonsezo sichinachitike. Palibe mwala wina unawakhudza, ndipo palibe anawatchulanso dzina loipa lija.

Nyumba inasanduka siwa. Mipando inatulutsidwa kupita panja kwa azibambo, azimayi anadzaza pabalaza pamikeka. Anthu atangoyamba kufika ndinazimitsa kaswichi kaja, chifukwa khomo la pamaliro silitsekedwa. Msewu wonse unabwera, ngakhale mayi wa funso uja anabwera ndi nkhuni. Mlongo wanga ankafuna kuti amayi akagone m'tauni pafupi ndi abambo. Ine ndinakana. Ndinati munthuyu wakhala akupempha njira ya kwawo zaka zonsezi, ndipo amene ankamubweza pa mango ndine. Tinakangana kuchipinda motsitsa mawu, mpaka akuluakulu a ku Chiparamba anagamula kuti mwana wawo abwerere kwawo.

Za mapepala zitatha, amayi a mpingo anawasambitsa ndi kuwaveka m'chipinda mwawo momwemo. Bokosi linabwera lopanda kanthu, ndipo analilowetsa chopendeketsa pa chitseko chimodzi chija. M'mawa wa tsiku la ulendo tinapemphera, anthu anaona nkhope, bokosi linatsekedwa. Azibambo atalinyamula anafika pakhomo n'kuima. Bokosi loti muli munthu salipendeketsa. Mmodzi anawerama kukoka kampiringidzo kapansi, wina anamenya kapamwamba ndi chikhatho chifukwa kanali katauma. Chitsekocho chinali chisanatsegulidwe chitulutsireni abambo.

Chitatseguka, belu linalira m'kolido, nge-nge, lina n'kuyankha kutali ku khola la nkhuku.

Nyimbo inadukiza. Ine ndinali pansi pakati pa azimayi, nditafooka moti m'mawawo anachita kundigwirira popita kukasamba. Koma thupi linadzuka lokha. Ndinapukuta manja pa chitenje ngati ndachokera ku khola, ndinachimanga bwino m'chiuno, ndipo ndinamva pakamwa panga pakunena mokweza, "Amama, imani, nikuperekezeni." Mayi wina wa mpingo anandikoka kuti ndikhale pansi, akuganiza kuti mutu wasokonekera. Mkazi wa nyumba ya mgolo uja anamugwira mkono. "Asiyeni. Ni mwamene amachitira."

Ndinalowa kuchipinda n'kutenga phukusi lawo lomaliza, limene linali likadali pambali pa bedi. Ndinalisenza pamutu n'kutsatira bokosi kutuluka pa zitseko ziwirizo, kutsika pakhonde, mpaka pa lole imene inkadikira pa geti. Anandikweza, ine n'kukhala pambali pa amayi. Lole inanyamuka pang'onopang'ono, ndipo pa mphambano ogulitsa tomato ndi a njinga anaimirira, zipewa zili m'manja. Tinafika pa mango paja. Dzuwa linali litakwera ndithu, ndipo ndinayang'ana kumwamba monga mwa masiku onse, koma ndinalibenso chowauza kuti tibwerere. Ndinagwira bokosi ndi dzanja limodzi, phukusi lili pamiyendo, ndipo tinakhotera njira ya ku Chiparamba.